Aldenora Anagumula Khoma

Kwathu ku Barra do Socó, pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, ukafunsa za Aldenora aliyense akulozera kumatope. Ine ndinakula naye. Tinayamba kutola nkhono limodzi tili atsikana osadziwa nsapato, ndipo mwana wanga woyamba anamuimira pa ubatizo ndi iyeyo. N'chifukwa chake timaitanana kuti kumadre, n'chifukwa chakenso ndili ndi ufulu womunena.

Ndi mayi wamfupi, wa miyendo ya matewe, mawu ake aakulu kuposa thupi. Mayi ake anali wotola nkhono, agogo akenso chimodzimodzi. Madzi akaphwa tinkalowa m'nkhalango ya mange, mitengo ija imamera m'matope amchere mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude, n'kumasenda nkhono pa mizuyo ndi mpeni wobuntha. Masiku amenewo tiakavalo ta m'madzi tinali mbwee. Ukapisa dzanja pansi pa muzu umangoona kanthu kotalika ngati chala, mutu wa kavalo weniweni, katakulunga mchira wake pa muzu n'kumagwedera ndi madzi. Tina tachikasu, tina tofiira, tina takuda ngati matopewo. Sitinkatiwerengera. Anyamata ankatiumitsa padzuwa n'kumatiboola kuti avale m'khosi.

Aldenora ali mwana ankadwala mphumu. Mayi ake ankakazinga tiakavalo touma, kusinja, n'kumuthirira m'tiyi mobisa, poti kwathu amati wodwala akadziwa chimene wamwa mankhwalawo sagwira. Tsiku lina, atayamba kale kusinkhuka, anawapezerera akusinja. Anasanza mpaka misozi, ndipo sanamwenso tiyi wa m'manja mwa mayi ake. Mphumuyo sinachoke. Mpaka lero amayenda ndi kopopera ka kuchipatala m'kamisolo.

Anakwatiwa ndi Expedito, msodzi wamtali, waulesi pang'ono koma wokoma pakamwa. Nsomba zitayamba kuchepa, Expedito anachita zimene asodzi anzake ankachita. Anapenta bwato lake n'kuyamba kunyamula alendo ochokera ku mahotela a kugombe, kukawaonetsa tiakavalo. Ankadumphira m'madzi ndi botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, kutunga kakavalo kamodzi, alendo n'kujambula, kenako n'kukabweza. Aldenora nthawi zina ankakwera nawo kuti agulitse nkhono zophika, ndipo ndiye ankaseketsa alendowo.

"Mukaone bwino kameneka, mimba toloo. Musati n'kakakazi ayi, n'kakamuna. Kwa akavalowa mimba amatenga ndi bambo." Kenako ankatembenukira mwamuna wake. "Mwamva inu a Expedito? Amuna enieni ndi amenewa."

"Nanga yangayi si mimba?" ankayankha Expedito akusisita chimimba chake.

"Yanuyo ya kachasu, yatha zaka zingati osabadwa mwana?"

Koma alendo akatsika Aldenora ankamukalipira zenizeni mwamuna wakeyo. Iye anali ataona kuti kakavalo kamakhala pa muzu umodzimodzi ndi kanzake, ndipo ukakataya patali kamavutika kubwerera. "Pomwe mwakatenga, pomwepo mukabweze. Inu atakunyamulani kukakutayani kumzinda wa Fortaleza mungasangalale?" Expedito ankang'ung'udza koma ankamvera.

Ana awo atatu atayamba sukulu, kunabwera kampani ina ya mumzinda yoweta kamarawu, tinkhanu tating'ono tija amadya m'mahotela ndi kunja. Anasankha malo a kumbuyo kwa mudzi, kumene kunali kamtsinje kamene tinkakatcha Camboa Funda. Kumeneko ndiye kunali nkhono zonona, ndiye kunalinso tiakavalo tambiri, chifukwa madzi ake anali odekha. Mathirakitala anagwetsa mange, anakwirira kamtsinjeko, anakumba maiwe akuluakulu ngati mabwalo a mpira n'kuwazunguliza makoma a dothi. Kenako waya waminga.

Mudzi unagawikana. Ena ankati chitukuko chafika, ndipo ntchito zinapezekadi. Mmodzi mwa amene analembedwa anali Erivaldo, mlongo wake wa Aldenora, wamng'ono kwa iye, amene Aldenorayo anamulera yekha mayi awo atamwalira. Anamupatsa yunifolomu, mfuti ndi kanyumba ka mlonda pamwamba pa khoma. Tsiku loyamba limene tinapita ndi madengu athu n'kupeza njira yotsekedwa, woima pa geti anali iyeyo.

"Achemwali, bwererani. Pano sipadutsanso munthu."

"Iwe Erivaldo, ndinakusambitsa m'madzi amenewa. Lero ukundiloza ndi mfuti?"

"Sindinakulozeni. Ndangoigwira."

"Igwire bwino, ingakuphulikire m'matako."

Tinabwerera. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanadyerenso mbale imodzi.

Nthawi yokolola kamarawu ankatsegula maiwewo n'kutayira madzi onse mumtsinje. Madziwo ankabwera obiriwira, onunkha ngati mazira owola, osakanikirana ndi mankhwala oyera aja ankasungira kamarawu. Nkhanu zinkatuluka m'mauna n'kufera poyera. Nkhono zinkayasama zokha. Tiakavalo sitinafe poonekera, tinangosowa. Expedito ankadumphira m'madzi mpaka maso kufiira, n'kukwera m'bwato botolo lili mbee, alendo akumuyang'ana. Anzake ena anayamba kubisa kakavalo kamodzi m'botolo lomangirira pansi pa muzu, bwato lililonse n'kumaonetsa komweko mpaka kafe. Aldenora atazindikira anakadula zingwe zonse masana dzuwa likuswa mtengo, eni ake akuona. Anamutukwana, wina anamutcha mfiti ya m'matope. Iye anangoti, "Mfiti ndine, koma nyama yanga sindidyera m'botolo."

Patapita zaka, m'maiwe muja munagwa matenda. Kamarawu anayamba mawanga oyera n'kufa onse, ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kampani inapakira makina ake n'kupita osatsanzika. Inasiya makoma, waya ndi Erivaldo. Mkazi wake anali atamuthawa kale, kumudzi anthu sankamupatsa moni, choncho anangokhalabe m'kanyumba kaja, akuweta nkhuku ndi kulondera malo opanda kanthu. Pansi pa maiwe panauma n'kung'ambika, mchere uli mbuu ngati phulusa. Ngakhale udzu sunamere.

Ife tinkati basi, zatha, malo aja afa. Aldenora ndiye sanavomere. Anayamba kutola mbewu za mange, zija zazitali ngati makandulo zimayandama pamadzi, n'kumakwawa pansi pa waya kumbali imene mlongo wake sankaonako, kukazibzala m'dziwe loyamba. Ine ndinkamuperekeza chifukwa choopa kuti mphumu ingamugwere ali yekha. Tinabzala nyengo yonse ya mvula. Zinaphuka timasamba tiwiritiwiri, tinasangalala. Dzuwa litabwera zinapsa zonse, osatsala ndi imodzi yomwe.

Anakhala pansi pa dothi lotenthalo akuyang'ana timitengo touma tija. Ndinkayesa alira. M'malo mwake anati, "Kumadre, ndife opusa. Mange amamwa madzi kawiri pa tsiku, nyanja ikadzaza. Ife tawabzala m'mphika wovundikira. Tigumule khoma."

"Khoma la eni ake?"

"Eni ake ali kuti? Aitane abwere adzandiletse."

Anayenda khomo ndi khomo kwa amayi otola nkhono. Amuna ambiri anaseka. Seu Raimundinho, amene ankagulitsa mowa pa doko, anamuuza kuti, "Dona Aldenora, chimene anamanga ndi thirakitala inu mukachigwetse ndi khasu? Mukamaliza mudzandiitane, ndidzabwera ndi zidzukulu za zidzukulu zanga." Komabe tinapezeka amayi okwanira kudzaza mabwato awiri. Tinapita m'mawa madzi ataphwa, ndi makasu, mafosholo ndi mabeseni, chakudya chathu ufa wa chinangwa wokazinga ndi nsomba zouma.

Erivaldo anationa tikutsika. Anabwera ndi mfuti yake yadzimbiri ija.

"Achemwali, mukufuna kundimangitsa? Eni ake akadzabwera ndidzati chiyani?"

"Udzati mlongo wako wapenga. Choka apo, ungadulidwe chala."

Anaima kanthawi, kenako anabwerera kukanyumba kake. Sanatithandize, sanatiletsenso.

Dothi la khomalo linali louma gwa ngati njerwa. Khasu linkadumpha, manja anatuluka matuza, matuza anaphulika. Aldenora ankakumba, kutsamwa, kupopera mankhwala m'kamwa, n'kugwiranso khasu. Tinakumba masabata angapo mpaka tinaboola mpata woti bwato n'kudutsa. Madzi atadzaza analowadi, tinakuwa ndi kuvina m'matope. Koma ataphwa sanatuluke onse. Anatsalira m'dziwemo, kutentha ndi dzuwa, kusanduka msuzi wamchere. Pasanathe mwezi mpata wathu unali utatsekeka ndi matope.

Amayi ambiri anagwa ulesi. Anali ndi ana oti adyetse, ndipo masiku okumba anali masiku osatola nkhono. Tinatsala anayi. Ndiye tsiku lina tikufukula mpata uja kachiwiri panafika galimoto ya apolisi. Munthu wina wa mumzinda, amene ankati kampani inamusiyira malowo, anali atakadandaula kuti tikuwononga katundu. Anafunsa mtsogoleri. Aldenora anapukuta manja pa siketi n'kukwera yekha m'galimotomo, matope mpaka m'ntchafu.

"Mayi, mukanasamba kaye," anatero wapolisi wina akuyang'ana mpando wake.

"Mwanditenga kuntchito, mwanawe. Ukanafuna woyera ukanakandigwira kutchalitchi."

Anamutulutsa tsiku lomwelo madzulo, atamuchenjeza kuti asakapondenso kumeneko mpaka nkhani itaweruzidwa. Expedito anakamutenga pa njinga yamoto yobwereka. Panjira anamuuza kuti, "Mayi, zakwana. Mufera tinsomba tosadyedwa n'komwe?" Iye anayankha kuti, "Inu mwadya tiakavalo zaka zonsezi, kungoti simunatitafune."

Kumangidwa kwakeko ndiye kunatithandiza. Nkhani inamveka pa wailesi, ndipo inafika kwa mayi wina wa ku yunivesite, Dotora Gilvânia, amene ankafufuza za tiakavalo m'mitsinje ya m'chigawo chathu. Anabwera yekha pa basi, atavala nsapato za mphira zomwe matope anazimeza tsiku loyamba lomwelo. Anatipezera loya wa bungwe la asodzi. Mlandu unayenda pang'onopang'ono ngati kamba, mvula inabwera n'kupita, koma pomaliza woweruza ananena kuti malo a mange si a munthu, ndipo analola kuti madzi abwezeredwe.

Miyezi yonse yodikirayo Aldenora sanakhale chete. Ankayenda ndi Dotora m'bwato kumuonetsa mizu imene kale kunkakhala tiakavalo, ndipo Dotora ankamuonetsa zimene iye ankadziwa. Chilolezo chitatuluka, Dotora anabwera ndi paipi yaitali yoonekera mkati, anaidzaza madzi, n'kumayeza nayo pansi pa dziwe, uku ife tagwira mbali ina. Atamaliza anamuuza mosapsatira.

"Dona Aldenora, munakumba pamalo okwera. N'chifukwa chake madzi ankalowa koma osatuluka. Mpata uyenera kukhala pamene pankadutsa kamtsinje kakale, ndipo potsika kwambiri ndi apo."

Analoza kanyumba ka Erivaldo. Kampani inakwirira kamwa la Camboa Funda n'kumangapo nyumba ya mlonda pamwamba pake.

Aldenora anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Ndiye kuti matuza onse aja tinangodzipweteka?"

"Munaphunzirapo kukumba," anatero Dotora.

"Mwayamba kuyankhula ngati wa kuno, Dotora. Samalani."

Anapita yekha kwa mlongo wake, ine ndinaima chapatali ndi nkhuku. Erivaldo anali atakhala pakhomo akusoka ukonde. Anali atakalamba kuposa mchemwali wake, tsitsi lonse mbuu.

"Erivaldo, nyumba yakoyi yakhala pakhosi pa mtsinje. Iyenera kuchoka."

"Ndinamva. Mawu anu amafika kuno musanafike inu." Sanadzutse mutu. "Munandilanda mudzi, lero mukufuna ndi denga lomwe?"

"Mudzi sindinakulande ine. Unautsekera wekha kunja kwa waya."

"Ndinali ndi mkazi ndi mwana, achemwali. Ndikanadya matope?"

"Ife tinkadya chiyani?"

Kenako Aldenora anakhala pansi pafupi naye, chinthu chimene sanachite kwa zaka zambiri, n'kunena motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wake. "Kuseri kwa nyumba yanga kuli chipinda chija munkagona anyamata. Chilibe munthu. Alamu ako adzang'ung'udza, koma amang'ung'udza ngakhale kukacha bwino. Sindikukakamiza. Koma Lolemba tikubwera ndi makasu, ndipo tidzayambira mbali ya kunyanja. Tikadzafika pa maziko ako udzaona wekha chochita."

Lolemba tinapitadi, ndipo ulendo uno tinali ambiri, chifukwa anthu akamva kuti woweruza walola mantha amatha. Kunabwera ndi amuna omwe, Expedito ali patsogolo ngati nzeruyo inali yake. Tinakumba masiku angapo Erivaldo akungotiyang'ana pa zenera. Tsiku limene makasu anayamba kugunda miyala ya maziko, tinamva phokoso padenga. Anali iyeyo, atakwera, akuchotsa matailosi limodzilimodzi n'kumapatsira Expedito pansi.

"Gwirani bwino alamu, amenewa ndi chuma changa chonse."

"Chuma chake chimenechi? Ndi nkhuku zomwe zikubwera kwathu?"

"Nkhuku ndiye zikubwera. Mfuti ndaponya m'dziwe."

"Kaitole!" anakuwa Aldenora ali m'dzenje. "Tikuchotsa zinyalala muno, iwe ukuwonjezera?"

Anakaitoladi.

Khoma linagumuka pa nthawi ya madzi aakulu a mwezi wathunthu. Tinangochotsa dothi lomaliza, nyanja inamaliza yokha. Madzi analowa ofiira ndi dothi, akuthyola m'mbali mwa mpata, n'kuyala dziwe lonse. Chimene tinkadikira kwenikweni chinali kuphwa kwake. Tinakhala pakhoma tikudya chinangwa. Madzulo dzuwa lisanalowe madzi anatembenuka, anatuluka onse, n'kusiya kanjira kokhotakhota pakati pa matope onyowa. Aldenora anatsika, anaponda m'kanjirako, madzi akumudutsa m'akakolo. Anangoti, "Eya. Ndi pomwepa."

Sitinabzalenso kwambiri. Mbewu za mange zinkalowa zokha ndi madzi n'kudzibaya m'matope. Chaka choyamba kunabwera tinkhanu tating'ono ta dzanja limodzi lalikulu. Kenako mbalame zoyera. Mitengo inafika m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako inatipitirira n'kuyamba kuponya mizu yake m'madzi. Nkhono zinagwira pa mizuyo. Koma tiakavalo ayi. Dotora ankabwera nthawi ndi nthawi, kuvala galasi lake la m'madzi, kusambira m'kamtsinjemo, n'kutuluka akupukusa mutu. Anatiuza zoona, kuti tiakavalo sitisambira mtunda wautali, ndipo ngati tatheratu mumtsinje wonse mwina sitidzabweranso. Aldenora ankangoti, "Nyumba timange kaye. Mlendo sabwera pa bwinja."

Pamene tinkayamba kukumba, mdzukulu woyamba wa Aldenora anali akadali kumsana. Mwanayo anali atayamba sukulu pamene Erivaldo, amene tsopano ankatchera nkhanu m'Camboa Funda, anabwera kunyumba kwa Aldenora masana, ine ndili pomwepo, akuthamanga ngati wamisala, matope thupi lonse.

"Achemwali! Siyani mbalezo. Bwerani, musafunse."

Tinapita atatu pa bwato lake. Anaimika pa muzu wina pafupi ndi pamene panali nyumba yake, n'kuloza pansi. Ine ndinaona msanga: tiwiri, kena kachikasu, kena kakuda, michira itakulunga muzu umodzi. Aldenora maso ake anali atayamba kuchita nkhungu. Anawerama mpaka mphuno kukhudza madzi, n'kukhala choncho nthawi yaitali moti ndinamugwira malaya kuti angagwere. Atadzuka anapopera mankhwala ake kawiri, n'kutiyang'ana tonse.

"Amene akauze a Expedito ndimudula lilime."

Koma m'mudzi mulibe chinsinsi. Pasanathe sabata eni mabwato onse anali atamva, ndipo ena anali atatsuka kale mabotolo awo. Aldenora anaitanitsa msonkhano pa doko, anaima pa kreti ya mowa ya Seu Raimundinho kuti aoneke, n'kuwauza kuti m'Camboa Funda simulowa bwato la alendo, simulowa injini, simulowa botolo. Panali phokoso. Wina anati, "Mtsinje ndi wanu kodi, Dona Aldenora?" Iye anati, "Si wanga. Koma amene ali ndi zipsera za khasu m'manja akweze dzanja, tiyambe kumva iyeyo." Manja ambiri amene anakwera anali a amayi. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anagwirizana kuti kamtsinjeko kasiyidwe mpaka tiakavalo titachuluka n'kufalikira tokha mumtsinje waukulu, ndipo ngakhale pamenepo alendo azidzationera m'madzi momwemo ndi galasi, osatinyamula. Si onse anasunga panganolo. Chaka chatha Aldenora anagwira mwana wa msuweni wake ali ndi botolo m'thumba, anamulanda nkhafi n'kumusiya abwerere kumudzi akupalasa ndi manja.

Tiakavalo tilipo tsopano, koma n'tochepa, ndipo chaka cha mvula yambiri timasowanso. Maiwe enanso akadali otsekedwa, ouma ngati kale. Aldenora maondo anatupa, dokotala anamuletsa kulowa m'matope, ndipo ana ake amene ali mumzinda amamuimbira foni kumuchonderera kuti apume. Dzulo m'mawa ndinamva kugogoda pa zenera langa.

"Kumadre, dzuka. Dotora wayeza dziwe lachiwiri. Akuti khoma lake ndi lonenepa kuposa loyamba lija."

"Ine msana wanga unatha, Aldenora."

"Msana ngwachiyani? Ukakhala pansi uzikathira dothi m'beseni, onyamula alipo. Fulumira, madzi akuphwa."

Ndinavala chipewa, ndinatenga beseni langa, n'kumutsatira kudoko.